Galasi la Ndaziona Lomwe Linkameza Kuwala

Sonkhezani moto uwo kaye, nkhani iyi sikoma kuimvera pamalo pozizira.

Ndaziona Muhiwa anali mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ina ya ukachenjede kuno kumwera. Kwawo kunali kuseri kwa phiri la Nantusi, komwe anthu amalima nandolo ndi chinangwa m'mipata ya miyala. Anali mayi wamfupi, woyenda mwachangu ngati wasiya mphika pamoto, ndipo akakufunsa funso sankakuchoka pamaso mpaka uyankhe. Anakaphunzira kunja zaka zambiri, n'kubwerako ndi luso lomwe anthu akwawo sankalimvetsa, luso loumba magalasi owala.

Ntchitoyo inali yotere. Mumchenga wa mapiri ena muli timichere tosowa, tomwe maiko amatifunafuna. Kena mwa timichere timeneti amakatcha yuropiyamu. Ukatenga kaufa kake pang'ono, n'kusakaniza ndi mchenga woyera, n'kusungunula m'ng'anjo, pamatuluka galasi looneka ngati galasi wamba. Koma ukalowa nalo m'chipinda chamdima n'kuliunika ndi nyali ina ya kuwala komwe maso saona, limayaka psuu ngati khala. Kamchere kaja kamalandira mphamvu ya nyaliyo n'kuibweza ili kuwala kofiira. Koma si yonse imabwerako. Ina imathawira m'galasi momwemo, n'kuligwedeza kugwedeza kosamveka ngakhale ndi chala, n'kuthera m'kakutentha kochepa. Ndipo mukatsala chinyezi m'galasimo, ngakhale chochepa bwanji, chimaba mphamvu yambiri, galasi n'kumawala mofooka. Ndaziona ankafufuza njira zomwe mphamvuyo imathawira, kuti azitseke.

Chaka cha namondwe chija, mvula itagwa masiku osakata, phiri la Nantusi linang'ambika m'mawa wina. Anthu amati Napolo anadutsa. Matope ndi miyala ikuluikulu ngati nyumba zinatsika n'kukwirira theka la mudzi. Mlongo wake wa Ndaziona, wom'pondera pamutu, dzina lake Kuseli, anali atatsikira kumunsi kukathandiza anthu omwe anathawira m'tchalitchi. Mkazi wake Felesiya anatsala kumtunda ndi ana, iwo anapulumuka. Kuseli sanapezeke, pamodzi ndi ambiri ena. Anthu anakumba mpaka manja kuchita matuza, koma matope anali akuya kuposa mtengo wa mango, ndipo panalibenso wodziwa pomwe panali tchalitchi, poti mitengo, njira, ngakhale mtsinje, zonse zinali zitasuntha. Mapeto ake anangoimika mtanda pamwamba pa matopewo n'kubalalika.

Pamtandapo Ndaziona sanalire. Anangoima, nsagwada zili gwa, akuyang'ana chilonda chofiira chomwe chinatsala paphiripo. Patapita miyezi, matope atauma, anabweranso. M'ngalande zomwe madzi anakumba anapezamo mchenga wolemera, wachikasu, wonyezimira. Anaudziwa msanga. Anatenga thumba la feteleza n'kuyamba kuwola.

Felesiya anam'peza atagwada pamenepo. "Alamu, mchenga umenewo ndi wa pamanda."

"Manda ndi pomwe munthu waikidwa ndi abale ake," anayankha Ndaziona osadzutsa mutu. "Apa taikapo ndani? Phiri ili latilanda anthu. Nalonso tililande kanthu."

Kusukulu kuja anali ndi mnzake wa ntchito, a Dokotala Mkwaila, katswiri wosakaniza ndi kulekanitsa mankhwala, bambo wamtali, wa nthabwala, woseka ndi thupi lonse. Ndi iwo amene anavutika ndi mchenga uja miyezi ingapo, kuutsuka, kuusungunula, kuusefa, mpaka m'thumba lonse lija munatuluka kaufa kongokwana pansonga ya supuni. Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, Ndaziona anaumba galasi lake. Linatuluka m'ng'anjo lili mbee, lopanda banga, kukula kwake ngati dzira la nkhuku.

Chipinda chamdima chinali kumapeto kwa labotale. Mawindo ake anapakidwa penti yakuda, pakhomo panali chinsalu chokhuthala. Ankalowamo masana, chifukwa ndi nthawi yomwe magetsi ankakonda kukhalapo. Tsiku limenelo anaika galasi pathebulo, anatseka chitseko, Ndaziona n'kuyatsa nyali ija.

Bii.

"Mwayatsa?" anafunsa a Mkwaila.

"Ndayatsa."

Anatulutsa m'thumba kagalasi kena komwe anabwera nako kuchokera kunja, koyerekezera, n'kukaika pansi pa nyaliyo. Kanayaka psuu, mpaka nkhope zawo zinaoneka. Anabwezerapo lake lija. Mdima wokhawokha. Chipangizo choyezera kuwala sichinagwedezeke n'komwe.

A Mkwaila anaseka. "Chinyezi chimenecho, mayi Muhiwa. Galasi lanu lamwa madzi ngati chule. Kaliumitseni."

Ndaziona anagwirizana nazo, poti ndi momwe mabuku amanenera. Koma polinyamula analimva kuti ndi lofunda, kufunda kwa dzira lomwe nkhuku yangodzukapo. Anaima kanthawi. Kutentha komwe kumachokera m'kuwala kothawa n'kochepa, dzanja la munthu silingakumve.

Analisungunulanso, n'kulisiya m'ng'anjo masiku angapo akulipemerera mpweya wouma. Anabwerezanso. Ulendo uliwonse galasi linkatuluka lokongola, n'kumameza kuwala konse osabweza ngakhale kadontho, ndipo ulendo uliwonse linkatentha kuposa kale. Kenaka linayamba kutuluka thukuta. Akaliunika kanthawi, pamwamba pake pankamera timadontho, n'kutsetsereka, n'kusiya pathebulo kamzere ka madzi oderako. M'chipindamo munayamba kumveka fungo la dothi lonyowa, pomwe tauni yonse inali fumbi lokhalokha ndipo mvula inali isanagwe n'kamodzi komwe.

Machesi ndiwo anayamba kusowa. A Mkwaila ankasunga bokosi loyatsira gasi pashelefu. M'mawa linkakhala lodzaza, pofika masana lili gwangwa. Anagula lina, chimodzimodzi. "Ophunzira athuwa ayamba fodya," anatero, koma tsiku limenelo sanaseke ndi thupi lonse. Kunyumba kwa Ndaziona nakonso kandulo yemwe anam'siya pawindo sanapezeke. Tsiku lina anaiwala kagalasi kakunja kaja pafupi ndi lake usiku wonse. M'mawa mwake atakaunika, kanali katazima, ndipo sikanawalenso.

Ndiye panabwera phokoso. Nyali ikayaka nthawi yaitali, thebulo linkayamba kung'ung'udza chapansipansi. Ndaziona anati ndi fani, n'kuizimitsa. Kung'ung'udza sikunaleke. A Mkwaila anagunditsa khutu pathebulopo, n'kukhala choncho nthawi ndithu. Podzuka anapukuta khutulo ndi mpango ngati ladetsedwa.

"Mwamva chiyani?"

"Ngati anthu akulankhula m'chipinda china, chitseko chili chotseka. Wina akutsokomola. Mwana."

"Ndi kugwedera kwa galasi kumeneko. Mphamvu ikapanda kutuluka ngati kuwala imapita kuti? Mukudziwa inu."

"Ndikudziwa. Koma kugwedera sikutsokomola, mayi Muhiwa."

Lachinayi lina Ndaziona anatuluka pachipata cha sukulu nthawi ya nkhomaliro. Kunja kunali kotentha moti phula linkamata kunsapato. Pansi pa mtengo wa jakaranda, pafupi ndi bambo wina wootcha chimanga, panaima mayi. Anafunda chitenje kumutu, nkhope sinkaoneka bwino. M'manja ananyamula phale, loti kwathu kuno timapalira moto kwa aneba. Ndaziona atafika pafupi, mayiyo anapinda maondo mwaulemu.

"Zikomo amayi. Tipaleko moto."

"Moto wanji pamsewu pano?"

"Womwe mwakhala mukuyatsa uja. Ukufika, koma ndi wochepa. Tilipo ambiri."

Apo ndi pomwe Ndaziona anayang'ana pansi. Miyendo ya mayiyo inali matope mpaka m'maondo, matope ofiira, aawisi, akuchucha. Mphepete mwa chitenje munkadontha madzi. Chomwe chinam'bwerera Ndaziona sichinali mantha ayi, unali mkwiyo wotentha.

"Ndinu a kwa ndani inu? Kuseli ali nanu?"

Mayiyo anatembenuka, n'kutsikira m'ngalande ya m'mbali mwa msewu, mayendedwe ake olemera ngati munthu wowoloka dambo. Panadutsa lole ya mchenga, fumbi koboo, ndipo litatha m'ngalandemo munalibe munthu. Pomwe anaima paja panali ponyowa, ndipo panauma Ndaziona akuona.

Wootcha chimanga uja anali atagwira m'chiuno akuyang'ana mbaula yake. "Taonani zimenezi, amayi. Mayi aja angoima apa kanthawi, makala anga onse azima. Agwireni, ali zii ngati sanayakepo."

Ndaziona sanakadyenso nkhomaliro. Anabwerera kulabotale, anawauza a Mkwaila zonse, osachotsera, n'kumaliza ndi mawu akuti, "Tiyeni tikayezenso."

"Mukuti chiyani?"

"Ndikufuna ndidziwe kuchuluka kwa kutentha komwe likutulutsa, ndi komwe nyali ikupereka. Zikapanda kufanana, ndiye kuti kwina kukupita kwina."

A Mkwaila anali munthu wabwino, ndipo sankafuna kuti mnzake alowe m'chipindamo yekha. Analowa naye.

Anayatsa nyali, galasi linayamba kutentha monga mwa masiku onse. Waya woyezera kutentha unasuntha pamalo pake, ndiye a Mkwaila ananyamula galasilo ndi dzanja lamanja, atalikulunga kansalu, kuti aukonze. Nthawi yomweyo magetsi anathima.

Nyali inazima, makina onse anati zii. Ndaziona anamva kuzizira kukukwera kuchokera pansi, ngati waponda m'mtsinje m'mwezi wa Juni. Fungo la dothi lonyowa linadzaza m'mphuno. Kenaka anamva mapazi. Mapazi opanda nsapato, onyowa, akuti tapa, tapa pasimenti, osati a munthu mmodzi, akuchokera kungodya zonse, pang'onopang'ono, ngati anthu akusendera pamoto.

"Mayi Muhiwa," mawu a Mkwaila anamveka aang'ono, osawazolowera. "Wina wandigwira dzanja."

"Ponyani galasilo!"

"Zala zikukana. Si mmodzi, mayi Muhiwa. Si mmodzi."

Ndaziona anathamangira kukhomo, n'kugunda chinthu chozizira chofewa chomwe sichinali thebulo, anachikankha ndi phewa, anakoka chinsalu chija mpaka chinathothoka, n'kumenya chitseko ndi phazi. Kuwala kwa masana kunalowa. M'chipindamo munali a Mkwaila okha, atagwada, dzanja lili lotambasula m'mwamba ngati mwana wokokedwa ndi akuluakulu. Galasi linagwa pasimenti, linagubuduka, osasweka.

Dzanjalo linali lozizira mpaka m'phewa, lotuwa ngati phulusa. Kuchipatala anawapima zonse osapeza kanthu. Kunja anthu ankasamba thukuta, koma iwo anafunda mabulangete atatu mano akugundana. Tsiku lililonse kuzizirako kunkasendera, kuchoka paphewa kunka pachifuwa. Mkazi wawo atamuona Ndaziona akulowa m'wodimo, anadzuka n'kutuluka osam'patsa moni.

"Sakufuna zoipa," ananong'ona a Mkwaila. "Ndinawamva. Akungozizidwa basi. Koma atimaliza, mayi Muhiwa. Galasilo kalitayeni m'mtsinje."

"Ndikalitaya, dzanja lanu alisiya?"

A Mkwaila anatseka maso.

Nkhani inawanda pasukulu ponse. Ophunzira akamuona Ndaziona ankapatukira njira ina. Ena ankati mayi uja anabwera ndi zakezake kuchokera kwawo. Mkulu wa gawo lawo anamuitana muofesi, osam'patsa ngakhale mpando, n'kumuuza kuti chipinda chija achikhoma ndi loko, Lolemba kubwera anthu odzachotsa zonse za m'menemo, ndipo akadzangoyerekeza kuyandikirako ntchito yatha.

"Mukachotsa mupita nazo kuti?" anafunsa Ndaziona.

"Kudzala. Zimenezo si zanunso."

"Ndiye kuti amene adzalitole kudzalako ndiye adzagwidwe dzanja. Mwana wotola mabotolo. Mwaganiza bwino, bwana."

"Mayi Muhiwa, ndanena."

"Ndamva."

Loweruka masana, pasukulu pali zii, Ndaziona anabwera ndi hamala m'chikwama. Loko uja anam'menya mpaka anagonja. Galasi linali pomwe linagwera, pakati pa kadziwe ka madzi amatope. Analitola ndi mbaniro n'kuliika pathebulo. Magetsi analipo tsiku limenelo. Anakokera mpando pafupi ndi nyali, anatseka chitseko, anatchinga mpata wa pansi ndi chinsalu chija, n'kukhala mumdima chala chili pa switchi. Sanayatse.

Sanadikire nthawi yaitali. Kuzizira kunayamba kumapazi. Kenaka tapa, tapa, tapa. Anamva mpweya wa anthu ambiri, wonunkha dothi, ukum'zungulira. Analankhula mokweza, mawu omwe ankakalipira ophunzira ochedwa.

"Imani pomwepo."

Mapazi anaima.

"Ine ndine Ndaziona, mwana wa a Muhiwa a kumtunda kwa chitsime. Mukundidziwa. Ena mwa inu munandibereka kumbuyo, ena tinkatunga limodzi. Kwathu munthu wopala moto amaodira pakhomo, amadikira mwininyumba. Sagwira mlendo wa eni ake n'kumuyamwa ngati nkhupakupa. Bambo uja anakulakwirani chiyani? Kwathu sakudziwako n'komwe. Mchenga ndinawola ndine."

Chinthu chozizira chinam'khudza pamkono, pomwe panali chala cha pa switchi. Zala zazing'ono. Kenaka zina zazikulu, zokhakhala, pamwamba pa zoyambazo, zikukankhira chala chake pansi kuti ayatse. Kuzizira kunalowa m'fupa, kunakwera mpaka m'chigongono. Ndaziona anakukuta mano, chala osachisuntha.

"Kankhani. Ndikafa pano, Lolemba akukutayani kudzala, ndipo palibe adzakuyatsireninso kanthu. Mundimvere. Nyali iyi ndi kamoto ka ana, sikangakukwaneni. Ine ndipita nanu padzuwa lenileni, muothe mpaka mukhute. Koma zanga ndi ziwiri. Mum'siye bambo uja. Ndipo mundionetse pomwe mwagona, tikuchotsenimo m'matopemo. Tinakumba, inu munali chete. Lero mukudziwa kuyenda mpaka kutauni kudzazimitsa mbaula za anthu, ndiye pakamwa pokha ndi pomwe palibe?"

Zala zina zinam'papasa kumaso, pachipumi, m'masaya, ngati wakhungu akufuna kudziwa munthu. Misozi inam'tuluka yokha, n'kuzizira isanafike pachibwano.

"Kuseli," anatero, mawu atasasa. "Ngati uli pamenepo, auze anzakowo. Ndinakusambitsa ine. Unandionapo ndikubwerera m'mbuyo?"

Kenaka zala zija zinayamba kuchoka, zazikulu poyamba, zazing'ono pomalizira, monyinyirika. Mapazi anabwerera kungodya. Ndiye panamveka kaphokoso kena, waa, ngati mpunga ukukhuthuka pansi.

Atatsegula chitseko anaona simenti yonse ili mbwee timitengo ta machesi, tonyowa, tamatope, mitu yake yonse yokhulika. Akufa aja anali atayesa kuyatsa kamodzikamodzi, tonse osayaka. Ndaziona anakhala pansi pakhomopo n'kulira kulira komwe sanalire pamtanda paja. Atatha anapukuta nkhope, anakulunga galasi m'chitenje, n'kupita kukakwera minibasi.

Kumudzi anafika m'mawa mwake. Felesiya atamva nkhaniyo anagwira pakamwa, koma sanatsutse, anangolowa m'nyumba n'kutuluka ndi khasu. Amuna a m'mudzimo anakana poyamba. Ankati malo aja apuma, kuwasokosa n'kuputa zina. Ndaziona sanawanyengerere. Anaika galasi pachitsulo cha khasu, analinyamula chotambasula kutsogolo, n'kuyamba kutsika yekha, Felesiya ali pambuyo. Atayenda pang'ono anamva anthu akubwera, mmodzimmodzi, ena ndi makasu, ena chimanjamanja.

Pamatope paja panali patamera chisoso ndi nsatsi. Dzuwa linali pamutu. Galasi likakhala padzuwa limathwanima, koma ili ayi, linali bii ngati dzenje, likumwa dzuwa lonse lomwe linkaligwera. Chitsulo cha khasu chinatentha mpaka mpini unayamba kufuka pomwe umalowera. Ndaziona anakulunga manja ndi chitenje n'kupitirira. Anadutsa pamtanda paja osaima. Anthu anayamba kung'ung'udza kuti tchalitchi sichinali kumunsi chonchi, mayiyu wasokonezeka. Iye anangotsikabe, kudutsa miyala ikuluikulu, mpaka kufupi ndi nsungwi za kumalire a mudzi wina, komwe panalibe anaganizako zokumba.

Pamenepo utsi wa pampini unaleka. Chitsulo chinazizira mwadzidzidzi mpaka chinachita mame. Ndipo galasi lija linayaka. Linayaka psuu masanasana, kufiira koposa khala la m'ng'anjo, moti nkhope za omwe anayandikira zinafiira. Amayi ena anakhala pansi osadziwa. Bambo wina wachikulire anavula chipewa.

"Apa," anatero Ndaziona. Analiika pansi, n'kukhala woyamba kugwetsa khasu.

Anakumba masiku ambiri. Kunabwera anthu a midzi yoyandikana, ndi mafosholo, ndi zitini zotayira dothi. Anayamba kupeza malata opindika, kenaka mabenchi. Kenaka anawapeza. Matope anali atachinyamula tchalitchi chonse n'kudzachiunjika pamenepo, ndipo anthu aja anali pangodya imodzi, atakumbatirana, ana ali pakati. Abale ankawazindikira ndi zovala, ndi mikanda, wina ndi kiyi wa njinga yemwe anali m'khosi. Maliro ake anali aakulu, oti mudzi umenewo sunaonepo, ndipo aliyense anagona m'manda akeake, pouma.

Felesiya ndi Ndaziona anaima pambali pa dzenjelo kuyambira woyamba kutulutsidwa mpaka womaliza. Kuseli panalibe. Mayi wina wopulumuka ndiye anakumbukira kuti anamuona akutulukanso m'tchalitchimo, akuti akukatenga nkhalamba ina yomwe inatsala m'nyumba cha kumtsinje.

Galasi lija linasweka lokha pakati tsiku lomwe anatulutsa womaliza, n'kukhala galasi wamba. Kutauni a Mkwaila anatuluka m'chipatala. Dzanja linafunda, koma zala ziwiri sizipindika mpaka lero, ndipo m'chipinda chamdima sanalowemonso. Ndaziona anachotsedwa ntchito chifukwa cha loko uja. Sanakadandaule kulikonse. Anatenga mabuku ake, mbaniro zake ndi nyali yomwe inali yakeyake, n'kubwerera kumudzi.

Kuseri kwa nyumba ya Felesiya, pamalo poyang'anizana ndi chilonda cha phiri, anayamba kumanga ng'anjo ya njerwa zootcha, yoti aumbiremo galasi lina lofufuzira Kuseli. Akuluakulu a mpingo anabwera kudzam'pempha kuti aleke. Ankati amene anafuna kupezeka apezeka, otsalawo awasiyire Mulungu. Iye anawayalira mphasa, anawamvetsera mpaka anamaliza, anawathokoza, n'kubwerera kukaponda dothi lomangira.

Tsiku loyatsa ng'anjoyo kumwamba kunali kopanda ndi kamtambo komwe. Makala atangogwira, utsi woyamba n'kukwera, phiri linalira. Kunali kulira kwa pansi penipeni, kwakutali, komveka m'mapazi kusiyana ndi m'makutu. Nkhuku zinathawira m'nkhokwe. Pachilonda paja timiyala tinayamba kugubuduka tokha, kafumbi kofiira n'kumakwera. Anthu omwe anabwera kudzaonerera anabalalika, wina kusiya patapata. Felesiya anakokera ana m'nyumba, n'kubwerera yekha kudzam'gwira mlamu wake pamkono.

"Alamu, chonde. Mwamunayo anali wanga, inenso ndikum'funa. Koma mwamva nokha. Likutiuza kuti zakwana."

Ndaziona anayang'ana phirilo, thukuta likutsika m'khosi. Linaliranso, motalikirapo.

"Ndalimva," anatero. "Likufuna ndiope. Ine ndikufuna mlongo wanga. Tiona amene ayambe kutopa."

Anachotsa dzanja la Felesiya mofatsa, anawerama, n'kuthira makala ena m'ng'anjomo. Felesiya anaima pomwepo, akuyang'ana nyumba, akuyang'ana phiri. Kenaka anamanga chitenje chake molimba m'chiuno, anagwada mbali inayo, n'kuyamba kupemerera moto.